Madzi a mu Mtima wa Dona

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali sitandade 5, pamene mbuzi zinayamba kufa kwathu ku Mtiya, m'munsi mwa phiri la Zomba. Linali dzinja, udzu utatalika mpaka m'chiuno. Bambo anga ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri, ndipo ankabwera madzulo akununkha utomoni. Mayi ankagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera kuphiriko. Kusamala mbuzi inali ntchito yanga. Pakati pa mbuzizo panali ina yofiirira yomwe azakhali anandipatsa ili kamwana. Ndinaitcha Dona chifukwa inkayenda monyang'wa, yosafuna kuponda matope.

Kafedwe ka mbuzizo kanali koopsa. Mbuzi yomwe dzulo lake inkadya bwinobwino inkayamba kuyenda mozungulira, ikukweza miyendo ngati ikuwoloka mtsinje. Kenako inkagwa n'kumaphupha, thovu lili kukamwa. Itafa yachiwiri, bambo anati, "Ichi ndi chiphe."

Amene ankamuganizira analipo kale. Oyandikana nafe, a Makwinja, anali atakangana ndi bambo mwezi wapitawo mbuzi zathu zitalowa m'munda mwawo n'kudya chimanga chanthete. Pokwiya, a Makwinja anati tsiku lina tidzazilira mbuzi zimenezo. Bambo sanapite kukawafunsa. Anangouza anzawo ocheka nawo matabwa, anzawowo anauza akazi awo, ndipo nkhani inafika mpaka kutchalitchi. Ine ndinaletsedwa kucheza ndi Esinati, mwana wa a Makwinja, yemwe tinkapitira limodzi kusukulu chiyambire sitandade 1. Tinkakumana pampopi, aliyense n'kuyang'ana ndowa yake.

Kenako Dona naye anadwala. Ndinamupeza m'mawa atatsamiritsa mutu pamtengo wa khola, thupi likutentha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atafa. Anasiya kamwana koyamwa. Bambo ankafuna kukumba dzenje lakuya kuti agalu asadye chiphecho, koma mayi anawaletsa. Anali atamva kwa alangizi a ziweto kuti kuli dokotala wina wofufuza matenda a mbuzi, yemwe ankapempha kuti mbuzi ikafa isakwiriridwe kapena kudyedwa iye asanaione.

Mayi atatumiza uthenga kwa alangiziwo, dokotalayo anafika masana. Anali mayi wamfupi, wovala magambutsi, wolankhula mosafulumira. Dzina lawo anali Mayi Likomba. Atapereka moni anafunsa kuti mbuziyo ndi ya ndani.

"Ndi yanga," ndinatero.

Ananjuta kuti tilingane msinkhu. "Ndikufuna kuitsegula ndione chomwe chaipha. Undilola?"

Palibe munthu wamkulu yemwe anali atandipemphapo chilolezo pa chilichonse. Ndinayamba kulira, ndipo iwo anadikira.

"Yafa kale, simva kuwawa," anatero. "Tikapanda kuyang'ana m'kati, tingomaganizira. Ukhoza kulowa m'nyumba ngati sukufuna kuona."

Ndinavomera, ndipo sindinalowe m'nyumba.

Anayala pulasitiki pansi pa mtengo wa mango, n'kuvala magolovesi. Asanagwire mpeni anatembenuza Dona n'kundionetsa kunsi kwa mchira, pabere ndi pakati pa ziboda. Monsemo munali nkhupakupa zikuluzikulu za mawanga pamsana, zomwe ine ndinkaziona masiku onse osazilabadira. Anatsegula chifu, n'kupezamo udzu wokhawokha. Anatapako pang'ono n'kuika m'kabotolo, akuti chiphe china sichioneka ndi maso, akachiyeza kuntchito kwawo. Atatsegula chifuwa panatuluka madzi achikasu, oyera bwino ngati a nanazi. Ena anali atadzaza m'kathumba kokuta mtima.

"Ukuona? Mtima umagunda uli m'madzi. Sizimayenera kutero."

Pomaliza anatenga kachidutswa ka bongo n'kukapaka pa kagalasi. Fungo la tsiku limenelo, la udzu wosasa ndi sopo wa kuchipatala, ndimalimvabe ndikadutsa pomwe akusenda mbuzi.

Bambo anali ataima chapatali, manja kumbuyo. "Ndiye mwapeza chiyani, adokotala?"

"Ndikuganiza kuti ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Koma lero sindinganene kuti ndatsimikiza. Mundidikire."

Galimoto yawo itachoka, bambo anapukusa mutu. Anati sakuona phindu la sukulu ngati munthu angang'ambe mbuzi yonse n'kuchoka osadziwa chomwe chaipha.

Patapita masiku angapo Mayi Likomba anabweranso, atanyamula makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Anawaika pa tebulo lathu pakhonde, n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi. Poyamba ndinangoona kuwala. Kenako ndinaona timadontho tofiirira tounjikana ngati mazira a chule.

"Timeneto ndi tomwe tinapha Dona," anatero. "Timalowa m'magazi nkhupakupa ikaluma. Chiphe sitinachipeze. Kuyambira lero muzichotsa nkhupakupazo ndi mankhwala."

Bambo nawo anasuzumira, nthawi yaitali ndithu, ngakhale sindikudziwa ngati anaona kanthu. Ali chiweramire, adokotala anawonjeza kuti sabata yomweyo anatsegulanso mbuzi ya a Makwinja, ndipo anapeza zomwezo. Ife sitinkadziwa kuti kuseli kwa mpanda nakonso mbuzi zinkafa, ndiponso kuti a Makwinja ankaganiza kuti bambo akubwezera.

Lamulungu lotsatira, tikuchokera kutchalitchi, bambo anapatukira kwa a Makwinja. Ine ndinali pambuyo pawo. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Achimwene, ndinakuipitsirani dzina pachabe. Pepani."

A Makwinja anayang'ana pansi. "Ndamva," anatero. Akuluakuluwo zinawatengera mpaka nthawi yokolola kuti ayambenso kubwerekana nkhwangwa. Ine ndi Esinati tinapitira limodzi kusukulu m'mawa mwake.

Nkhani ya adokotala sinathere pomwepo. Iwo ndi anzawo ankayesa katemera watsopano wa matendawa, ndipo anapempha mabanja a m'dera lathu kuti alole mbuzi zawo zilowe nawo m'kafukufukuyo. Anafotokoza kuti zina zibayidwa, zina ayi, ndipo posankha achita maere, kuti pamapeto athe kufananiza. Mbuzi iliyonse yodwala ankaibaya jekeseni wodziwika kale, yemwe amathandiza ngati matenda agwidwa msanga. Munthu wina anafunsa ngati katemerayo ndi wamphamvu.

"Sindikudziwa," anayankha. "N'chifukwa chake tikuyesa."

Anthu ena anakana. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti bambo, omwe aja ankanyoza, anali m'gulu la oyamba kuvomera. Maere anagwera kamwana ka Dona, komwe ndinkakamwetsa mkaka ndi botolo, ndipo kanabayidwa. Kanakula bwino, n'kudutsa dzinja lotsatira osadwala. Pakhomo pathu tonse tinkati ndi katemera uja.

Mvula itatha, Mayi Likomba anaitanitsa anthu pabwalo la sukulu. Bambo anapempha tchuthi kuntchito, ndipo ananyamula dengu la mapeyala loti akathokozere. Adokotala anaimirira, n'kunena mosazungulira kuti katemerayo sanagwire ntchito. Mbuzi zobayidwa zinadwala chimodzimodzi ndi zosabayidwa.

Pabwalopo panamveka manong'onong'o. Bambo anakweza dzanja. "Koma yathu ija ili moyo, adokotala."

"Ndakondwa kuti ili moyo, bambo. Koma ziliponso zosabayidwa zomwe zili moyo. Ndingakunamizeni nditati ndine ndaipulumutsa."

Anatilangiza kuti tipitirize kuchotsa nkhupakupa ndi mankhwala, ndiponso kuti mbuzi ikangotentha thupi tiziitana alangizi tsiku lomwelo. Iwo anati abwerera kukayambiranso. Ena anachoka akung'ung'udza kuti awatayitsa nthawi. Bambo anakapereka dengu lawo ndithu.

Ine ndinatsatira adokotala mpaka pagalimoto. Mtima unkandiwawa, ngati kuti andilanda kanthu. Ndinawafunsa ngati sakuchita manyazi kunena zimenezo pagulu.

Anaseka pang'ono, koma maso awo anali otopa. "Manyazi ayi, mwanawe. Kupweteka kulipo, chifukwa ntchitoyi yandidyera zaka. Koma ndikanabisa, inu mukanasiya kuchotsa nkhupakupa n'kumadalira katemera wopanda pake. Makola anu akanatha."

Sindinawaonenso. Sindikudziwa ngati pambuyo pake anapeza katemera amene ankamufunayo.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndili ndi ana anga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wodziwa zinthu ndi amene amayankha msanga. Bambo anga anali munthu wabwino, ndipo anayankha msanga, mwaukali, ndi mtima wonse. Yankho lawolo linatsala pang'ono kudanitsa mabanja awiri mpaka kalekale. Adokotala aja anali ndi mpeni, makina ndi zaka zambiri za sukulu, komabe sankanena chinthu asanachione, ndipo zitawakanika anabwera okha kudzatiuza. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti zimenezi n'zovuta kuposa kupeza yankho. Ndimaziona ndikaima kutsogolo kwa kalasi, mwana akandifunsa funso londiposa, anzake onse maso ali pa ine. Lilime limafuna kupeka kanthu kuti ulemu wanga usachoke. Komabe ndimamuuza kuti sindikudziwa, koma mawa tikayang'ana limodzi.