Tsiku Limene Tinaika Khitchini M'manda

Ndinadzuka kusanache. Sanandidzutse tambala kapena nyimbo za amayi m'nyumba ya siwa, koma sowo ikudya thabwa kuseri kwa nyumba. Ndinali nditagona pa benchi pafupi ndi moto wa abambo, bulangete kumutu. Kuzizira kwa ku Mayani mwezi wa Juni simungamufotokozere munthu wa kuchigwa. Usiku umenewo mkulu wina analavula, malovu n'kugwa pansi kuti go! ngati mwala. Ndinamva ndi makutu angawa.

Omwalirawo anali alamu anga, amuna a mchemwali wanga, kalipentala. Chaka chonse chapitacho anali kukonza khitchini ya nyumba yawo kuti nyumbayo aigulitse pa mtengo wabwino, awiriwo akamange ina yaing'ono ku Mphunzi. Ankati wogula nyumba masiku ano sayang'ana denga, amayamba watsegula kabati. Ndiye anaika matailosi, sinki, ndi makabati a paini wa m'Phiri la Dedza kuzungulira khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Vanishi wake anali wakuti tambala wina analowamo n'kumenyana ndi chithunzi chake mpaka kugonja. Tambalayo ndinamudya ine, ndiye nkhani yake ndikuidziwa bwino.

Anamwalira mwadzidzidzi, ntchito itangotsala pang'ono. Madzulo a siwa akulu awo a malemu anafika ndi mlendo wa jekete lachikopa wochokera ku Lilongwe. Mlendoyo analira pang'ono pakhomo, kenako anapempha kuona khitchini. Tonse tinamva tanthauzo lake. Puloti inali m'dzina la mwamuna, ana panalibe, ndipo maliro akangotha nyumba ikanapita, mchemwali wanga n'kubwerera kwathu ndi chikwama chimodzi. Ine monga mwinimbumba ndinayenera kulankhula. Mawu amphamvu ndinali nawo ndithu, koma anaundana ndi kuzizira kuja.

M'bandakucha uja ndinatsata phokoso la sowo lija. Ndinapeza akalipentala awiri, anzawo a malemu, atagoneka zitseko zazitali za kabati ya zakudya pa mabenchi, akuzicheka. Pakhomo la khitchini panaima mchemwali wanga, chitenje kumutu. Ankamasula yekha mahinjesi n'kumatulutsa zitseko chimodzichimodzi.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi?"

"Bokosi. Alamu anu ankanena kuti a m'mbali mwa msewu amakhoma ndi matabwa aawisi. Ouma ndi awa."

"Akuchimuna anati akagula m'mawa ku boma. Akudziwa?"

"Akugona. Gwirani apa achimwene, n'cholemera."

Ndinagwira.

Kunacha ndi chifunga. Anthu anayamba kutulukira m'menemo ngati akuchokera m'madzi: amayi a mphakati ndi zitenje zofanana, ocheka matabwa a m'phiri, azimayi osenza nkhuni, kabichi ndi mbatata ya kachewere. Bambo wina anagwira nthambi ya mtengo wa pichesi n'kuupepesa mwaulemu. Mtengo sunayankhe, iwo n'kungoti ndi mmene amakhalira anamfedwa. Moto wa mafuwa unayatsidwa mondandalika kuseri, koma utsi unakana kukwera, unangoyenda m'mawondo mwathu. Adzukulu anali atapita kale ndi makasu.

Akulu a malemu atadzuka kuti akaone za galimoto, anapeza bokosi lilipo kale, likuwala, m'bale wawo atagona m'menemo. Anayamikira. Analisisita. Kenako dzanja lawo linafika pa tizogwirira tating'onoting'ono tasiliva ta madilowa. Analowa m'khitchini n'kukhalamo kanthawi. Atatuluka anakakhala pa mpando. Pamaliro mukhoza kukangana za ufa, za nkhata, za amene alankhule koyamba, koma palibe munthu wobadwa kwa mayi amene anganene kuti m'tulutseni ameneyo, matabwawo ndi athu.

Nthawi yoona nkhope itakwana, akatekisiti anatsegula kachitseko ka kumutu kwa bokosi. M'kati mwake munali mawu olembedwa ndi pensulo ya alamu anga, zilembo zawo zopendekera zija: Pansi pa sinki, kumanzere. Anthu ankawerenga, kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kupitirira. Gogo wina wosadziwa kuwerenga anandikoka malaya kufunsa kuti ndi vesi yanji. Ndinati ndi ya Chipangano Chakale.

Tsono apa ndi pomwe ena amati ndimawonjezera. Mahinjesi amene alamu anaika anali aja odzitseka okha pang'onopang'ono, osamenyetsa chitseko. Zimenezo ndikuzidziwa, musandiphunzitse. Akatekisiti atachotsa dzanja, kachitseko kanayamba kutsika kokha, ngati wina akukakoka m'kati. Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Mchemwali wanga ndiye anali womaliza, amayi awiri atamugwira m'mbali. Akuyandikira, kachitseko kanaima. Kanadikira. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake mpaka kukhutira, anagwedeza mutu, ndipo pamenepo ndi pomwe kanatsekeka, popanda ngakhale kaphokoso. Mphezi indiwombe ngati ndikunama. Tinalimo ambiri m'chipindamo, ndipo ena mpaka lero akakumana nane pamsika amayamba okha kukamba za feteleza.

Tinanyamuka kukuwaza mvula ya chiperoni. Zogwirira zija zinali zokwana zala ziwiri basi, ndiye tinanyamula pamapewa, tikulandizana. Njira ya kumanda imatsika pakati pa minda ya mbatata. Amene anali patsogolo ndi mtanda sitinkawaona, tinkangotsata nyimbo. Bokosi linkanunkhira vanishi, fungo la m'nyumba yatsopano, ndipo fungolo linatiperekeza mpaka m'nkhalango. Madontho a mvula ankasendera pa thabwa osalowa. Mkulu wina wocheka matabwa anapukuta pamwamba ndi mkono wa jekete lake, akulira, n'kunena kuti ntchito ngati imeneyi sadzaionanso.

Adzukulu akukwirira, mlendo wa jekete lachikopa anandisendera.

"Achimwene, zitseko zina zingathe kupangidwa, eti?"

"Zingathe bwana, mawa lomwe. Kungoti mayi a kunyumba akamatenga mchere azikumbukira kumene kuli zoyamba zija."

Anayang'ana dzenje, anayang'ana nsapato zake. Pobwerera sanayembekeze chakudya. Galimoto yake inalowa m'chifunga, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kale pamsika wa Mayani yakuti kuli nyumba imene theka lake lili kumanda.

Akulu a malemu anandiitanira pambali anthu akubalalika. Ndinayembekezera mkangano. Ndinapeza nkhalamba yotopa, yoika mng'ono wake.

"Alamu, mchemwali wanuyo akhalemo. Angagule ndani?" Kenako anati, "Koma bokosi linali labwino. Zimenezo ndiye zoona."

Madzulo pakhomo panatsala phulusa, mabenchi a kutchalitchi ndi utuchi wonyowa kuseri kwa nyumba. Amayi ochepa otsala kudzagona ndi namfedwa anali pa mphasa m'chipinda chochezera, akunong'onezana. Ine ndinalowa m'khitchini kufuna madzi. Makabati onse anali yasa, kuyambira pansi mpaka kudenga, mdima uli m'kati mwa iliyonse. M'mbali mwake munali timabowo ta masikuluu, tiwiritiwiri ngati maso. Munthu ukaima pakati umamva ngati nyumba yonse yatsegula pakamwa kuti inene kanthu, koma ikudikira kuti uyambe ndiwe.

Mchemwali wanga analowa ndi kandulo. Anawerama n'kumatola masikuluu pa matailosi, osasiya ndi imodzi yomwe, n'kuwaika m'kambale pafupi ndi sinki. Nyumba inali yake tsopano. Ndinafuna kumuuza kuti wachita zomwe ine mwinimbumba ndinalephera, koma nkhope yake sinali ya munthu wopambana mlandu.

Ndinapita pa chitseko cha kuseri kuti ndikiye.

"Musakiye, achimwene."

"Kukuzizira, achemwali."

"Alamu anu atenga zitseko. Munthu uja sankasiya ntchito ili theka, abweranso."

Anatuluka ndi kandulo yake. Ine sindinakiye. Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'ana khomolo, ndipo aliyense amene amati ndinagona usiku umenewo ndi wabodza.