Tsamba Limene a Lazaro Anasuta

Inu amene munauzidwapo kuti mwana wanu ndi mbuli, khalani pansi mumve za mayi wina wa ku Nsaru.

Tsiku lotsekera sukulu mu Disembala, Kettie anali pamsika akugulitsa mandasi pamene mwana wake Jessie anafika ndi pepala la zotsatira za mayeso. Analipinda kanayi. Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, akubwereza Sitandade 3, ndipo pa ana onse a m'kalasi mwake iye ndiye anali kumchira. Pansi pa pepalalo aphunzitsi analemba mawu atatu okha: "Satha kuwerenga konse."

Kettie sanalire pamsika. Anamaliza mandasi ake, n'kusenza beseni, ulendo wa kumudzi. Koma mumtima munali mutapsa.

Kunyumba anapeza mlongo wake wamkulu, a Lazaro, atakhala kale pakhonde. Bambo ake a Jessie anapita ku maesiteti a ku Kasungu kalekale osabwerako, choncho mawu omaliza pa za mwanayu anali a atsibweni akewa, eni mbumba.

"Make Jessie, tisanamizane," anatero a Lazaro. "Mwanayu sukulu yamukana. Kuli mayi wina ku Area 25 akufuna mtsikana wolera mwana. Apite akaphunzire ntchito."

"Achimwene, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akalere mwana wa eni?"

"Aphunzitsi alephera, ndiye iwe ndiwe yani? Chalaka bakha nkhuku singatole."

"Nkhukuyo ndine, ndipo nditola," anatero Kettie. "Ndipatseni mpaka Pasaka. Akapanda kuwerenga, ndikamukweza minibasi ndekha."

A Lazaro anaseka mpaka kutsokomola. Podzuka anapisa dzanja mudengu la mapepala okulungira mandasi, n'kuzula mulu wonse wa masamba a buku linalake, n'kuuponya m'thumba la jekete. Chinali chizolowezi chawo. Ankati pepala la buku ndi lofewa, limapichirira bwino chingambwe kuposa nyuzi.

Kettie sanali wophunzira kwambiri. Analekera Sitandade 7 makolo ake atamwalira. Koma kuwerenga kunamulowa m'magazi. Mapepala okulungira ankagula kwa munthu wina wochokera m'tauni, ndipo munkakhala zosakanikirana: nyuzi zakale, mapepala a mayeso, mabuku ong'ambika. Iye asanakulunge ndasi ankayamba wawerenga kaye pepalalo, mpaka ogula ankadandaula kuti, "Mayi inu, mandasiwa azizira tili chiimire!"

Atakhala pansi n'kuganiza, anaona pamene panagona vuto. M'nyumba mwake munalibe buku ngakhale limodzi. Kusukulu buku limodzi ankaunjikirana ana ambirimbiri, ndipo belu likalira linkabwerera m'kabati. Jessie, wamanyazi uja, ankakhala kumbuyo n'kumangoona misana ya anzake. Kodi munthu angaphunzire kupalasa njinga imene amangoionera patali?

Mawa lake Kettie anakhuthula dengu lonse pamkeka n'kuyamba kusankha. Anapeza masamba ambiri a buku limodzi la Chichewa, lopanda chikuto, lopanda dzina. Anawasanja potsata manambala. Anali okwinyika, ena achinyezi, ndiye anawapanikiza mu jeke ya a Lazaro yodindira mabelo a fodya, imene inkangokhala poti nyengo yake inali isanakwane. Atawongoka anawasoka ndi singano yosokera fodya.

Inali nkhani ya mtsikana woyendetsa ngolo, amene ananyamula mayi ake odwala kupita nawo kuchipatala mvula ili pakati. Koma bukulo linkathera pa tsamba 58, ng'ombe zili pakati pa mtsinje wosefukira. Kotsalako kunalibe.

Poyamba Kettie anayesa kuphunzitsa Jessie ndi nyuzi. Mwana anangoyasamula. Anayesa mapepala a mayeso, mwana anayamba kulira asanawagwire n'komwe.

Kenaka fodya anayamba kucha, ndipo masana onse ankathera m'chigafa cha a Lazaro kusoka masamba. Tsiku lina Kettie anaika buku losoka lija pamwendo n'kumawerenga mokweza manja akugwira ntchito. Atafika pokoma penipeni, pamene gudumu la ngolo linatitimira m'matope, anatseka.

"Ndiye kenako?" anafunsa Jessie.

"Kenako kali apa. Werenga wekha."

Jessie anakwiya, n'kuliponya bukulo pa mulu wa fodya. Mayi ake sanamukalipire, koma sanamuwerengerenso. Patapita masiku awiri anamupeza kuseri kwa nkhokwe, chala chili pa tsamba, akulimbana ndi mawu amodzi mpaka thukuta.

Kuyambira pamenepo Kettie anapeza muyeso wake. Buku labwino si lalikulu kapena lokongola chikuto. Ndi limene munthu ukalitseka amakufunsa kuti, "Ndiye kenako?"

Koma buku la ngolo linali lomukulira Jessie. Pankafunika ena osavuta, a zilembo zikuluzikulu, oti ayambirepo. Mabuku otero sagulitsidwa pa Nsaru, ndipo akanagulitsidwa Kettie sakanawakwanitsa. Ndiye anatenga nyuzi zake zonse n'kuyamba kuzungulira msika: kwa a chipisi, a usipa, a matemba, a mtedza. Paliponse akaona buku likung'ambidwa ankati, "Ndipatseni limenelo, inu mutenge nyuzi izi." Mandasi ake anayamba kukulungira m'masamba a nthochi.

Anthu anamuseka. Anamupatsa dzina loti Ahedi a Mandasi. Wokazinga chipisi wina anamuuza kuti, "Mayi, pepala ndi pepala basi."

"Ayi, bambo," anatero Kettie. "Inu likuthandizani kamodzi n'kukathera kudzala. Kwathu liwerengedwa mpaka lithe lokha."

Zina zimene anatola zinali zopanda pake. Anapeza theka la buku la malamulo a msonkho, ndi lina lofotokoza kakonzedwe ka makina amene pa Nsaru palibe anawaonapo. Zimenezo anazibweza kudengu osamva chisoni.

Atamva kuti ku Namitete kuli mphunzitsi wopuma ntchito, mayi Estere, amene ali ndi makatoni a mabuku, anabwereka njinga n'kupalasa m'matope a Febuluwale. Anafika atanyowa mpaka nsalu kumata. Mayi Estere anamumvera chisoni, n'kumutulutsira mabuku akuluakulu a Chingerezi, onyezimira, a zithunzi za ana akusewera m'dziko lozizira.

Kettie anawatsegula limodzilimodzi, n'kuwabweza ndi manja awiri.

"Pepani amayi. Ndabwera kudzapempha, koma sindinabwere kudzatola chilichonse. Mwana wanga Chichewa chenichenicho chikumuvuta. Awa akangowaona athawa."

Wopemphapempha wokana mphatso! Mayi Estere anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka. "Zaka zonse ndaphunzitsa, ndi makolo ochepa amene anandiyankha chonchi." Analowanso m'nyumba n'kutulutsa katoni ina yakuda ndi fumbi. Munali timabuku tating'ono ta Chichewa, tina chiswe chitadya m'mbali. Anasankha pamodzi mpaka mvula inakata. Za buku la ngolo, mayiwo anati sanalionepo.

Timabukuto ndi timene tinatsegula mutu wa Jessie. Anayamba ndi zilembo, n'kubwera pa mawu, n'kufika pa mzere wathunthu. Masiku ena ankabwerera m'mbuyo ngati sanaphunzirepo kanthu, ndipo Kettie ankapita kumadzi kukalirira kumeneko kuti mwana asamuone. Koma pobwera ankatsegulanso buku.

Pofika pakati pa Malichi, Jessie ndiye ankawerenga nkhani ya ngolo m'chigafa, pang'onopang'ono, mayi ake akumukonza. Amayi osoka fodya anasiya miseche n'kumamvetsera. Abambo nawo anayamba kupeza zifukwa zodutsira pomwepo. Ngakhale a Lazaro ankachedwa modabwitsa poyang'ana ngati fodya akuuma bwino, msana atalozetsa kwa owerenga, khutu lili tcheru.

Atafika pa tsamba 58, chigafa chonse chinadandaula. Kodi ng'ombe zinawoloka? Nanga mayi aja anachira? Palibe ankadziwa.

Lolemba la Pasaka a Lazaro anabwera anthu atadzaza m'chigafamo. Mayi wa ku Area 25 anali ataimba foni kawiri m'mawa womwewo.

"Pasaka wakwana," anatero. Jessie anatenga buku la ngolo kuti ayambe, koma iwo anakweza dzanja. "Limenelo ayi. Waloweza ngati nyimbo ya kwaya. Ine sindinamizidwa ngati mwana."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindika, lonunkha fodya. "Awerenge ichi, chimene sanachionepo. Akachitha, akhala. Akalephera, mawa minibasi."

Kettie sanatsutse. Anangoti, "Landira, mwanawe. Ndi manja awiri."

Jessie anatambasula pepalalo. Anaika chala pa mzere woyamba. Kenaka mawu anatuluka, ang'onoang'ono, akudukaduka.

"Ng'ombe... ya ku... manzere... inagwada m'madzi. Mtsikana uja anadumpha m'ngolo, nagwira goli..."

"Eee! Ndi ngolo ija!" anafuula mayi wina.

Kettie anasuzumira pa nambala. Linali tsamba 59. Mulu umene a Lazaro anazula mudengu tsiku la Disembala lija unali kumapeto kwa buku lomwelo. Iwo sankadziwa, poti sankatha kuwerenga. Nthawi yonseyi mudzi ukufunafuna mathero a nkhani, mathero ake anali m'jekete mwawo, akuchepa tsiku ndi tsiku.

Anthu sanawapatse mpata. Anawauza kuti akhuthule matumba onse. Munatuluka masamba ena awiri, lomaliza litang'ambidwa pakati. Jessie anawerenga onse, mawu akukula pamene ankapita. Ng'ombe zinawoloka. Ngolo inafika kuchipatala dzuwa likutuluka. Mayi aja anawalowetsa mkati, mtsikana n'kutsala panja.

"Patapita nthawi namwino anatuluka, namuyang'ana, nanena kuti..."

Jessie anaima. Pepala linathera pomwepo.

"Nanena kuti chiyani?" Amene anafunsa mokweza kuposa onse anali a Lazaro.

Jessie anatembenuza pepalalo, n'kuwayang'ana. "Atsibweni, kotsalako munasuta."

Chigafa chinagwedezeka ndi phwete. Amayi ena anachita kugwa pa fodya. Koma a Lazaro sanaseke. Anayang'ana kachidutswa kaja nthawi yaitali, ndipo manyazi anawagwira zenizeni. Kenaka anatulutsa foni n'kuimbira mayi wa ku Area 25 uja, anthu onse akumva.

"Mayi, pepani. Mwana uja sabwera. Ali pasukulu."

Apa ndi pamene Kettie analira, pamaso pa anthu, osabisa.

Sindikunamizani kuti Jessie anakhala nambala wani. Mu Julaye anakhoza ali pakati pa anzake, n'kulowa Sitandade 4. Kwa mwana amene anamulembera kuti satha kuwerenga konse, zimenezo si zochepa.

Fodya atapita ku okushoni, chigafa sichinakhale chopanda kanthu. Kettie anapachika mabuku ake pa mikangala pomwe pamakhala fodya, kutali ndi chiswe. Lero alipo oposa zana, ambiri osokedwa ndi singano yomwe ija. Loweruka kumabwera ana. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi kumabwera akuluakulu, ena kudzafuna nkhani, ena za ulimi wa mtedza ndi soya, ena kudzayamba a, e, i, o, u tsitsi litachita imvi. Lamulo la Kettie silinasinthe. Buku limene palibe walifunsira "ndiye kenako?" limabwerera kudengu la mandasi.

Wokazinga chipisi uja masiku ano akapeza buku m'mapepala ake amaliika pambali. Dzina la Ahedi a Mandasi lilipobe, kungoti oitana amayamba avula chipewa.

A Lazaro amapichirira chingambwe chawo m'makoko a chimanga. Afika pa mawu a zilembo zinayi, ndipo mphunzitsi wawo ndi Jessie, amene sawanyengerera ngakhale pang'ono. Akapita kumsika wa Kabudula kapena ku Mpingu amazungulira mabenchi onse a chipisi ndi usipa, kufunsa ngati wina anaonapo buku la mtsikana ndi ngolo. Mpaka pano silinapezeke. Iwo amati tsiku limene adzalipeze sadzapatsa munthu, adzawerenga okha zimene namwino uja ananena.

Ndiye inu amene mukuti kwanu kulibe laibulale, mulibe ndalama, mwana wanu anamulembera kale kuti ndi wolephera, Kettie anali ndi chiyani choposa inu? Anali ndi dengu la mapepala, singano ya fodya ndi mtima wokana kugonja. Musalole munthu aweruze mwana amene sanagwirepo buku lomukoma. Yendani, funsani, kanani losayenera, landirani long'ambika ngati lili lokoma. Ndipo mukagula chipisi mawa, yambani mwawerenga pepalalo musanalitaye.

Musagwe mphwayi, ndipo mwanayo musamutaye.