Utuchi wa kwa a Ambrose

Kukamacha, a Helena amakhala ali kale kuseri kwa nyumba, korona ali m'khosi, akuvundukula mgolo umene anaotcheramo makoko a mtedza ndi zitsononkho dzulo lake. Zowauka zija amazisinja mumtondo, n'kusakaniza ndi utuchi ndi phala lamadzimadzi la chinangwa. Kenako amatsendera m'chitini chobooka kunsi, n'kuyanika timibuluto pathandala. A bungwe amene anawaphunzitsa ankati mabuliketi, koma pa Namitete aliyense amangoti makala a mayi a Alinafe.

Ntchitoyi anaiyamba amuna awo atamwalira, nkhuni zitayamba kuvuta. Utuchi amatenga kwa mlamu wawo, a Ambrose, kalipentala wa m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. A Ambrose amakhoma mipando, koma chimene chimawadyetsa ndi mabokosi a maliro. Anthu ankadziwa kumene utuchiwo umachokera, ndipo panalibe wodandaula. Makalawo amachedwa kutha, sadetsa mapoto, alibenso utsi.

Kusowa utsiko n'kumene kunkawasowetsa mtendere a Helena. Kuphunziro anauzidwa kuti makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Ankauza wogula aliyense. Ambiri ankangoseka.

"Inu achemwali," anatero a Monica, oyandikana nawo nyumba, "mwapanga makala aulemu chonchi, ndiye tiziwagoneka panja ngati galu? Utsi wake uti?"

Chisanu cha mwezi wa Juni chitafika, Rachel, mwana wa a Monica, analowetsa mbaula kuchipinda kuti khanda lake lisazizidwe, n'kutseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi chiguduli. M'mawa anthu anachita kuthyola chitsekocho. Rachel anatsitsimukira kuchipatala. Khandalo silinadzuke.

Pamaliro palibe anatchula chiguduli. Chimene chinayenda pakati pa amayi, motsitsa mawu, chinali utuchi. Ankati zopala za bokosi sizilowa m'nyumba ya anthu amoyo, zimadzaitana wolowa m'bokosimo. Ena anayamba kukumbuka amene anamwalira chaka chatha, ndi kumene ankagula makala.

Kuyambira pamenepo, a Helena akafika pamjigo macheza amaduka. Pamapemphero a mphakati, mkeka umene akhalapo umatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. M'mawa wina anapeza thandala litagwetsedwa, makala atapondedwapondedwa, mapazi ake a nsapato zazikulu. Anatola otsala, nadzutsanso thandala.

Tsiku lomwelo a Ambrose anabwera panjinga yopanda katundu.

"Mlamu, thumba la sabata ino ndalisiya. Ndi la kabokosi ka khanda kaja."

"Mwachita bwino."

"Bwanji mupite kaye kwa Alinafe ku Mpingu? Anyamata pabawo akuyankhula zambiri. Dzulo wina amafunsa ngati denga lanu ndi laudzu."

A Helena anayang'ana denga lawo. Ndi laudzu.

"Ndikachoka ati ndavomera, eti? Nanga chisanu chatha? Anthu asiya makala anga, koma akugula a mitengo, ndipo zitseko akutsekabe."

A Ambrose anakankha njinga mpaka kumsewu, osakwera.

A Helena akadali pakhomo pawo. Amaotchabe makoko, amasinjabe, ngakhale matumba angodzaza m'khitchini opanda wowagula. Madzulo amatunga ndowa ziwiri za madzi n'kuziika pafupi ndi chitseko.

Chisanu chisanayambe, khanda lija lili moyo, a Helena anapita kwa a Richard, wapampando wa mphakati wawo, nagwada pambali pa mpando.

"Bambo, mundipatseko mpata Lamulungu tikatha mapemphero, ndiwauze anthu onse pamodzi za mbaula m'nyumba. Pandekha sakundimva."

A Richard anati aona kaye ndondomeko. Mpaka lero a Helena akudikira yankho.