Nsanda ya a Kopolo Inauluka

Amene anadula nsanda ya amalume ndine, ndipo ngati alipo wina amene akunamizirabe mbewa, azileke mbewazo. Ndinaidula ndi sizasi ya amayi, masana, anthu onse ali m'nyumba kulira.

Tsiku loika malirowo ndinadzuka tambala asanalire. Ndinagona panja pamodzi ndi amuna, pafupi ndi moto. Nyimbo za amayi a mpingo zinali zitazilala, kunangotsala mayi mmodzi akukoka vesi yekhayekha ngati akuimba kutulo. Mwera unali kuwomba kuchokera kunyanja, wozizira mpaka m'mafupa. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuchiimika m'mwamba, mtima wanga n'kukhala pansi. Amalume anasankha nyengo yabwino yomwalirira.

Malemuwo anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Chibwerereni kunkhondo ya ku Bama aliyense ankangowatchula a Kopolo. Anabwerako ndi chifuwa, mendulo imodzi ndi misala ya ndege. Kumeneko anaona azungu oyendetsa ndege akumanga tindege toseweretsa, zipangizo zake zobwera m'bokosi zodulidwa kale. Iwo ankati bokosi lathu ife ndi dambo. Ndikabwera kutchuthi kuchokera ku sekondale tinkapita kukadula chiwale, n'kumachisenda m'chisakasa chawo kuseri kwa nyumba. Ndege yathu sinali kandege. Mapiko ake, munthu wamkulu akatambasula mikono sankafika nsonga zonse ziwiri. Nthiti zake zinali za nsungwi zopala bwinobwino, mawilo a zikulungo za ulusi, mawindo a galasi la nyali yosweka. M'katimo munakhala woyendetsa wosema, wa ndevu zapamlomo zofanana ndi za eni ake. Chotsala chinali kuveka mapiko, amene anali adakali mafupa okhaokha.

Chifuwa chitawapanikiza anandiitana.

"Lameki, isanauluke imeneyi usalole kuti andikwirire. Wamva?"

Ndinawachitira sawatcha. Anaseka mpaka kutsokomola.

Tsono nsalu yokwana mapikowo inalipo imodzi yokha pakhomo ponse: bafuta woyera amene ankamusunga m'bokosi lawo, akumati ndi wa pa ulendo wawo. Ku sekondale anatiphunzitsa kuti mawu amodzi amatha kukhala ndi matanthauzo awiri. Ine ndinasankha limene linandikomera. Ndinamata bafutayo ndi ulimbo, n'kumupaka phala la chinangwa kuti aume gwa ngati chikopa cha ng'oma. Pamapiko ndinajambulapo zozungulira za buluu wochapira ndi katondo, monga anandiuzira.

Mbandakucha umenewo ndinasenza ndegeyo pamutu n'kudzera njira ya m'minda. Mphepo inafuna kundilanda kangapo. Kumanda ndinapeza adzukulu atayamba kale kukumba, moto wawo ukuthetheka. Mkulu wawo, bambo wopanda mano akutsogolo, anaika khasu pansi.

"Awanso aikidwa lero? Dzenje lawo tikumbe lotani, la mapiko?"

Ndinamufotokozera zonse. Anakhudza phiko, nalinunkhiza, n'kundiyang'ana chammbali.

"Iwe mwana, ukudziwa kuti nsalu ikalowa muno sibwereranso kunyumba?"

"N'chifukwa chake ndalawirira, agogo."

Anaseka osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Tinaibisa kuseri kwa chulu n'kuipsinja ndi nthambi.

Pamene ndinkafika kumudzi kunali kutayera. Amayi a m'mudzi anali atasonkha moto mzere wonse kuseri kwa nkhokwe, utsi ukugona pansi chifukwa cha mphepo, maso a aliyense ali psu, wolira ndi wosalira yemwe. Asodzi sanalowe m'madzi tsiku limenelo. Mabwato anali gadaa pamchenga, makoka ali m'mitengo. Anthu anayamba kufika: a ku Chipoka pa ngalawa, atanyowa mpaka m'chiuno, a ku Khombedza pa njinga, nkhuku zili lende pa handulo, Asilamu a tsidya la mtsinje ndi zisoti zawo zoyera. Kenaka kunabwera kagulu ka asilikali akale kuchokera kuboma, makhaki awo atasita, akuyenda mwendo umodzi ngakhale wina anali wotsimphina.

Dzuwa litakwera pang'ono, m'nyumba munamveka kukuwa kosiyana ndi kulira kwa maliro. Mawuwo anali a amayi anga. Osambitsa mtembo anali atapempha nsanda, ndipo m'bokosi munapezeka timizere ta bafuta ndi sizasi, imene ndinaiiwala momwemo. Cholakwa changa chokha pa ntchito yonseyo chinali chimenecho.

Anandikokera pakhonde amalume aakulu, a Sitefano, mkulu wa mpingo amene kuseka amakusungira Khirisimasi.

"Nsalu ili kuti?"

"Yatsogola, amalume."

"Yatsogola kuti?"

"Kumanda. Ili pa ndege."

"Thamanga ukaimatule ubwere nayo kuno! Msanga!"

Ine ndinadzuka ngati womvera, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Sindinafike ndi pabwalo pomwe. Mayi wina wachikulire amene anakhala pakhomo anatambasula mwendo kutseka khomolo.

"Yochokera kumanda ilowe m'nyumba muno? Mukufuna titsatane tonse, a Sitefano?"

Amalume aakulu amalalikira kawirikawiri kuti zoterezi n'zachikunja. Anatsegula pakamwa kuti anenenso zomwezo, koma maso awo anagwera pa ana awo amene anakhala pamphasa, ndipo anatseka pakamwapo. Amayi anga anandiyang'ana ndi diso loti tionana.

Anatipulumutsa ndi msilikali wotsimphina uja. Anati ku Bama anzawo ankawaika m'mabulangete awo, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Choncho a Kopolo anawaveka khaki wawo n'kuwakulunga m'bulangete la kunkhondo. Anafunafunanso mendulo kuti awapachike pachifuwa, koma sinaoneke. Ine ndinathandiza nawo kufunako, mpaka kusuzumira pansi pa bedi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Bokosi linali patsogolo, amuna akulandirana, amayi pambuyo ndi nyimbo imene mphepo inkaidula pakati n'kukaitaya m'minda. Fumbi linkalowa m'maso. Mipango ya amayi inkauluka, wina chipewa chinamuthawa n'kumachithamangitsa m'mapesi. Ine ndinkangoyang'ana nsonga za mitengo. Pamenepo mantha anandigwira koyamba. Ndege imeneyi sinaulukepo chiyambire. Ikanangogwa chamutu pamaso pa khamu lonselo, ndiye kuti amalume apita opanda nsanda ndiponso opanda ndege, ndipo wowavula ndine.

Kumanda mapemphero anatha, bokosi linatsitsidwa, abale tinaponya dothi. Itakwana nthawi yokwirira, mkulu wa adzukulu anakakhala pamulu wa dothi n'kuyamba kufwenkha fodya. Anzake nawo anagoneka makasu.

"Kwirirani, akuluakulu, dzuwa likupita," anatero amalume aakulu.

"Makasu akana, bambo. Akuti katundu wa malemu sanakwane."

Kumanda mdzukulu satsutsidwa, kaya ndiwe mkulu wa mpingo kaya ndiwe ndani. Anthu ali kunong'onezana, ine ndinali nditakwera kale pachulu, ndege ili pamwamba pa mutu, bafuta akuwala ngati kakowa. Ndinayang'anitsa mphuno yake kunyanja kumene mphepo inkachokera, monga ankanenera eni ake. Ndinadikira mwera upume kaye. Utayambanso, ndinaikankha.

Inagwa. Inatsika chamutu molunjika pa anthu. Msilikali wina anakuwa monga ankachitira kunkhondo, "Gonani pansi!" ndipo theka la khamulo linagonadi, ena pamitumbira ya eni ake. Itangotsala pang'ono kukhudza mipango ya amayi, mphepo inalowa kunsi kwa mapiko. Mphuno inadzuka. Inakwera, abale anga, inakwera! Inapitirira mitu, inapitirira tchire, n'kukaima m'mwamba ngati nkhwazi yoona nsomba. Kenaka inapendeka phiko limodzi n'kuzungulira manda onse mwaulemu, mthunzi wake n'kudutsa pa dzenje lenilenilo, pabokosi pomwe.

Asilikali anadzuka, fumbi lili mbuu m'makhaki, n'kuima nji, manja pachipumi. Mayi wina analephera kudzigwira, anaimba nthungululu pamaliro, anzake m'malo momuletsa anamulandira. Amayi anga anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero amakana kuti sankaseka. Amalume aakulu ndinawaona ndi maso angawa atavula chipewa, khosi lili m'mwamba, akuzungulira nayo limodzi.

Inakatera pamwamba pa mkuyu waukulu wa pakati pa manda, n'kukhala bwinobwino pamphanda, woyendetsa wa ndevu uja akuyang'ana kunyanja. Mtengo wa kumanda palibe amaukwera, choncho ili pomwepo.

Mkulu wa adzukulu anayetsemula fodya wake n'kutola khasu.

"Yauluka. Tiyeni tiwafunditse a Kopolo, akumva mphepo."

Madzulo anthu anabalalika. Njinga zinapita, ngalawa zinapita, moto wa kuseri unasanduka phulusa. Pakhomo panatsala mphasa zopindapinda ndi agalu akununkhiza m'mafuwa. M'chisakasa munali mpata waukulu pamene pankakhala ndege, ndi mpeni wa amalume uli chisiyireni pa chipika. Ndinakhala m'menemo kanthawi. Mwera nawo unali utaleka, ngati unangobwerera ntchito imodziyo.

Amalume aakulu anandipeza momwemo.

"Wanyazitsa amako pamaso pa anthu. Kathyole mkwapulo."

Ndinawapatsa chiwale chotsala pa phiko lamanzere. Anachiyeza m'manja, akudziwa bwino lomwe kuti chiwale sichingaphe ndi ntchentche yomwe, koma sanachibweze. Ndinawerama. Chinathyoka pa kukwapula koyamba, ine n'kukuwa mokwanira kuti amayi amve kukhitchini kuti chilungamo chachitika. Anawonjezera kuti m'mawa ndibweze ndekha mabenchi onse kutchalitchi, pamutu. Ndinavomera. Mutu umene unasenza ndege sungaope benchi.

Atafika pakhomo la chisakasa anaima, osatembenuka.

"Ija inkagwa chamutu ija, n'kudzukanso. Kumphuno kwake unaikako chiyani?"

"Kamwala, amalume. Kolemeretsa."

Anagwedeza mutu n'kumapita. Mendulo ija akuifunabe mpaka lero.