Pulagi ya Fuliji

Amayi Asiyatu, oyandikana nawo nyumba ku Senga Bay, amagulitsa nsomba. Popita ku maliro ku Khombedza anandisungitsa chambo chodzaza beseni mu fuliji yanga. Lachisanu m'mawa ndinazula pulagi yake kuti ndisite yunifolomu ya ku loji, ndipo ndinaiwala kubwezera. Masiku atatu ndinagona kuntchito konko.

Nditatsegula chitseko Lolemba, fungo linandibweza m'mbuyo. Madzi amagazi anali atayenderera mpaka pansi pa mphasa, ntchentche zobiriwira zitadzaza pawindo. Ndinasanza pakhonde. Ndisanachukuche n'komwe m'kamwa, ndinathamangira kukabwezera pulagi ija.

"Magetsi anazima masiku onsewa, amayi," ndinawauza atabwera.

"Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire. Kodi eni ake a magetsiwa ndi ndani kwenikweni?"

Ndinkayesa akungodandaula. Koma iwo anafunsafunsa pamsika mpaka anamva kuti kampani ina imapanga magetsi, ina ndiyo imagawa, ndipo yogawayo ili ndi ofesi m'tauni ya Salima. Anandipempha kuti ndiwaperekeze ngati mboni, ine n'kuvala malaya abwino n'kupita.

Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, nanena mwaulemu kuti kudera kwathu magetsi sanazimeko. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Mwanangu, muuzeni."

"Anazima ndithu," ndinatero, maso ali pa nsapato zanga.

Amayi anamukalipira mwana wa eni akeyo mpaka anthu a pamzere anayamba kuwathandiza. Pobwerera m'minibasi anapukusa mutu.

"Mtsikana wooneka bwino chonchija, bodza osachita nalo manyazi."

"Anthu a masiku ano, amayi," ndinayankha.