Chithunzi cha Kalonga ndi Funso la Apongozi

Lachiwiri lapitali khukhi wa bwana wathu anandipatsa chithunzi chimene dona, mkazi wa bwanayo, anachitaya galasi lake litasweka. Pali kalonga wina wa ku Ulaya, mwana wa mfumu yolamulira mayiko ambiri, ataima ndi mendulo pachifuwa, mkazi wake atakhala pampando, ana asanu atawazungulira. Khukhiyo anati kalongayo anamwalira kalekale, ndipo mkaziyo anachita kutengedwa kudziko lina akali mtsikana.

Ine ndinangoti laponda la mphawi.

Paja ndine kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo andipatsa nyumba ya njerwa pafupi ndi fakitale. Koma mkazi wanga ali kwawo kwa Mphuka, ali ndi pakati poyamba, ndipo apongozi akukana kuti ndimutenge chitengwa. Loweruka ndinapalasa njinga, chithunzi chili m'malaya, mlandu nditauwina kale mumtima.

Ndinakhala pakhonde, apongozi ali kuseri kwa chitseko monga mwa ulemu wathu. Mkazi wanga ndiye analowa nacho chithunzicho.

"Aone, amayi," ndinatero mokweza. "Ngakhale mafumu aakulu amatenga mkazi n'kupita naye kwawo."

Kenaka apongozi anafunsa:

"Amake a mtsikanayu ndi ati pamenepa?"

"Palibe, amayi. Anatsala kwawo."

"Nanga pochira ana asanu onsewa anamugwira msana ndani? Ine ndinathawa kwa Apwitikizi mwana ali kumbuyo, amayi ndinawasiya pamphasa. Manda awo sindiwadziwa. Mtsikana wa pachithunziyu wavala bwino, koma ndikumudziwa ine."

Ukalaliki wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinachita manyazi.

Ife odziwa kulemba tili ndi kamatenda. Chinthu chikangotuluka m'nyumba ya bwana, ngakhale chotola kudzala, timachiyesa lamulo. Masiku anayi ndinachiyang'ana chithunzicho n'kumangowerenga mendulo. Za mayi amene anatsala kutsidya la nyanja osaona mdzukulu sizinandifike m'mutu.

Musandimve molakwa. Chikamwini sindikuchiyamikira ayi. Ndalima munda wa eni ine, msana wangawu ndi mboni. Ndipo belu la fakitale silidikira munthu wogona kwa Mphuka. Ambiri a ife tidzawatenga akazi athu, tifune tisafune. Koma mako ndi mako, ndipo mkazi timamukokayo ali nayenso wake.

Pondiperekeza, ndinamufunsa mkazi wanga zimene iye akufuna. Ndiulule, aka kanali koyamba.

"Nyumba ya njerwayo ndikuifuna, bambo," anatero. "Koma mwanayu ayambe amugwira amayi."

Choncho achirira kwawo, ndipo ine ndipitiriza kupalasa njinga Loweruka lililonse.

Kalonga uja sitingamufunse, anapita. Koma inu amuna anzanga amene mwakangana ndi apongozi, mwaitana ankhoswe, mwatchula malamulo: mwini wake wa pakatiyo munamufunsapo liti?