Ma UPS Saberekana

Tsiku limene Violet anachotsedwa ntchito pa Nsaru, ngakhale a kabaza anamuseka. Anali wamasiye, mayeso a Fomu 4 anali atamukana kawiri, ndipo tsopano anali atawononga kompyuta ya eni ake.

Ankagwira ntchito mushopu ya mayi Hajra yosindikiza zithunzi ndi makadi a ukwati. Mushopumo munali UPS, bokosi la batire limene limagwirizira kompyuta magetsi akathima. Popeza sinkakhalitsa, mayi Hajra anagula ina. Violet anachita zimene tonsefe timachita chingwe cha wailesi chikafupika: anapulaga ina kumbuyo kwa inzake, poganiza kuti zizikhalitsa kawiri.

Magetsi atathima, yachiwiri inakana moto wochokera kwa yoyamba. Zonse zinalira n'kuzima kompyuta ili pakati pa ntchito, ndipo sinadzukenso. Zithunzi za ukwati wa anthu a ku Kabudula zinathera momwemo, ndipo ukwati saubwereza chifukwa cha zithunzi.

"Mwana wanga, sindikukuda," anatero mayi Hajra, "koma makina usawagwirenso."

Mbiri yoipa sichedwa pamsika. Violet akalowa mushopu iliyonse, mwini wake ankaphimba soketi ndi dzanja, amvekere nthabwala. Zinkamupweteka kwambiri, chifukwa mawaya ndiwo okha ankamusangalatsa pamoyo wake.

Anasamukira kwa azakhali ake ku Njewa n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa pafupi ndi malo a bambo Frackson, mmisiri woika ma sola ndi ma UPS m'maofesi. Zitumbuwa zinkazizira mubeseni iye ali kalikiliki kufunsa mafunso. Tsiku lina anawafotokozera za ku Nsaru zija. Iwo sanaseke.

"Iwe unaziberekanitsa," anatero bambo Frackson. "Ma UPS saberekana. Kodi kwanu mukamanga ngolo, ng'ombe ina mumaimangirira kumchira kwa inzake? Zimaima moyandikana pagoli limodzi."

Anamuuza kuti si UPS iliyonse imalola goli. Ziyenera kukhala zofanana mtundu ndi mphamvu, zopangidwira kugwira ntchito pamodzi, ndiponso zolumikizidwa ndi kachingwe koti zizimvana. Komanso katundu wake, kutanthauza makina onse opulagidwapo, asapitirire amene imodzi ingasenze yokha inzake itafa.

Violet anasiya beseni. Ananyamula mabatire mpaka mapewa kuuma, anapsa zala, ndipo makasitomala ankamudumpha n'kufunsa kuti amisiri ali kuti. Iye ankaloza mkati, n'kupitiriza kusenda waya. Zaka zinapita choncho.

Kenako mayi Bernadette, mwini kachipatala ka pulaiveti ku Namitete, anagula ma UPS awiri akuluakulu oti azigwirizira makina oyezera magazi. Bambo Frackson anali atagwidwa msana, choncho anatumiza Violet yekha. Mbiri ija inali itamutsogolera kale.

"Si inu munapsereza kompyuta pa Nsaru, eti?" anafunsa mayi Bernadette.

"Ndine, mayi," anayankha Violet. "Ndikamaliza, muthimitse magetsi, kenako muzimitse UPS imodzi ndi dzanja lanu makina ali pantchito. Akaima, ndimasula zonse, ndipo za mawaya ndisiyira pomwepo."

Sankanena mokometsera. Ankadziwa kuti akalephera kachiwiri, palibe amene adzamupatsenso ngakhale babu kuti aike.

Anaziika UPS ziwirizo moyandikana, analumikiza kachingwe komvanirana, nawerengera katundu yense amene zidzasenze. Atamaliza, mayi Bernadette anathimitsa magetsi a nyumba yonse. Ma UPS aja anagawana katundu. Kenako mayiwo anadina batani la imodzi, ndipo inazima.

Makina oyezera magazi sanaphethire n'komwe.

Mayi Bernadette anayang'ana makinawo, kenako anati, "Amisiri, mubwerenso Lachisanu. Mudzaone za firiji ya mankhwala."

Lero Violet amaitanidwa ku Mpingu, ku Msundwe, mpaka ku Nambuma, ndipo amayamba ntchito iliyonse ndi kufunsa kuti bokosi limodzi likafa, katundu asenza ndani.

Mwina nanunso munalakwitsa anthu akuona, ndipo mpaka pano amakukumbutsani. Asiyeni azikumbuka. Inu pitani kwa amene akudziwa, mukafunse pamene panakuvutani, mubwerere ku ntchito yomweyo imene anakuletsani kuigwira. Mtima wokhawo osautaya.